Mapiritsi a Mavitamini Ngofunika kwa Yani?

M'masitolo ogulitsa mankhwala a m'mizinda yathu, ngakhalenso m'zikwama za anthu oyenda ndi malonda m'maofesi ndi m'sukulu, mwadzaza mabotolo a mapiritsi a mavitamini ndi michere ina. Mabotolowa ngokongola, ndipo mawu olembedwa pamenepo amalonjeza mphamvu, nzeru, khungu losalala ndi chitetezo ku matenda. Amene amawagula kwambiri ndi anthu apantchito omwe mwezi ukatha amakhala ndi kangachepe m'thumba: akalaliki, aphunzitsi ndi akuluakulu a nthambi za boma. Popeza anthu amenewa ndiwonso amene anzathu akumudzi amatengerako chitsanzo, taona kuti nkoyenera kuyankha funso lomwe ambiri amafunsa lakuti, kodi munthu afunika kumwa mapiritsi amenewa kuti akhale wathanzi?

Yankho lathu ndi lakuti mapiritsi a mavitamini ndi mankhwala, ndipo monga mankhwala ena onse, ali ndi eni ake. Alipo anthu omwe mapiritsiwa amawapulumutsa ku imfa ndi ku ulumali, ndipo anthu otere amawalandira kwaulere ku zipatala za boma. Koma munthu wamkulu amene sakudwala, amenenso amadya zakudya zakasinthasintha, kawirikawiri sapindula kanthu ndi botolo logula. Chotidandaulitsa nchakuti zinthu zatembenuka: amene sakusowa ndiwo akugula, pamene ena mwa osowawo akutaya kapena kukana zomwe apatsidwa kuchipatala.

Kuti timvetse bwino nkhaniyi, tiyenera kukumbukira momwe mavitamini adadziwikira. M'chaka cha 1747 dokotala wina wa m'sitima zapamadzi za ku Britain, James Lind, adaona kuti amalinyero odwala nthenda yotupitsa ndi kukhetsa magazi m'nkhama ankachira msanga akapatsidwa malalanje ndi mandimu. M'zaka za m'ma 1890, pa chilumba cha Java, Christiaan Eijkman adaona kuti nkhuku zodya mpunga wopuntha woyera zinkalemala miyendo, koma zinkachira zikapatsidwa mpunga wosachotsa madeya. Dzina lakuti vitamini lidaperekedwa ndi Casimir Funk m'chaka cha 1912. Pa nkhani zonsezi phunziro ndi limodzi: mavitamini adapezeka m'chakudya, ndipo matenda ankabwera pamene anthu akakamizika kudya chinthu chimodzimodzi kwa nthawi yaitali. Thupi limafuna zinthuzi pamlingo wochepa kwambiri. Mlingowo ukakwana, kuonjezera sikumupatsa munthu mphamvu zina, monganso ndiwo zikakolera mchere sizikoma koposa chifukwa chothiramo wina.

Nkhani ya nkhuku za ku Java sili kutali ndi ife. Chimanga, chomwe ndicho chakudya chathu chenicheni, chili ndi vitamini wa gulu la B wotchedwa niacin womangika mwakuti thupi limalephera kumutenga. Anthu a ku Mexico, kumene chimanga chidachokera, adaphunzira kalekale kuchiphika ndi laimu kapena phulusa, zomwe zimamasula vitaminiyo. Kumene nzeruyi sidafike, anthu odalira chimanga chokha amagwidwa ndi pellagra, nthenda yomwe imadetsa ndi kusendula khungu m'malo owombedwa ndi dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. M'chaka cha 1990 nthendayi idagwira anthu oposa 18,000 mwa abale athu a ku Mozambique omwe adathawira kuno chifukwa cha nkhondo. Chidachititsa nchakuti mtedza udasowa kwa miyezi ingapo pa chakudya chomwe ankalandira. Pofuna kupulumutsa miyoyo, achipatala adagawa mapiritsi a vitamini B, ndipo adachita bwino. Koma tisaiwale kuti chomwe chidasowa poyamba chidali mtedza. Piritsi lidabwera kudzatseka mpata womwe chakudya chidasiya.

Tsono eni ake a mapiritsiwa ndani? Oyamba ndi amayi oyembekezera. Mayi akakhala ndi pakati, magazi ake amachuluka kuti akwanire iye ndi mwana, ndipo ayironi amene amafunika pa nthawi imeneyi ngovuta kumupeza m'nsima ndi ndiwo zokha. Nchifukwa chake bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa tsiku ndi tsiku mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi pamodzi ndi mamaikulogalamu 400 a folic acid. Mayi wochepa magazi akataya ena pobereka, moyo wake umakhala pachiswe. Folic acid naye ali ndi ntchito yapadera. Kafukufuku wamkulu wotsogoleredwa ndi a ku Britain, yemwe zotsatira zake zidatuluka mu 1991, adaonetsa kuti pakati pa amayi omwe adaberekapo mwana wolumala msana kapena ubongo, vitaminiyu adachepetsa kubwerezeka kwa vutoli ndi magawo 72 pa 100 alionse. Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira a pakati, nthawi yomwe amayi ambiri amakhala asanazindikire kuti aima. M'mera mpoyamba. Amayi ayenera kuyamba sikelo msanga, ndipo amene akukonzekera kutenga pakati angachite bwino kufunsiratu uphungu kuchipatala.

Achiwiri ndi ana aang'ono. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukamada, maso ake amauma, ndipo chikuku kapena kutsegula m'mimba zikamugwira zimamufooketsa koopsa. Mu 1986 dokotala wa maso Alfred Sommer ndi anzake adafalitsa zomwe adapeza ku Aceh, m'dziko la Indonesia, kuti m'midzi momwe ana ankalandira vitamini A kawiri pachaka imfa za ana zidatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Apa ndiye padachokera madontho aja omwe ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira kusikelo. Mwana akatsegula m'mimba, pamwamba pa Thanzi amayenera kumwa zinki kwa masiku 10 mpaka 14, chifukwa zinki amafupikitsa matendawo ndi kumuteteza kuti asadwalenso msanga. Aliponso ena, monga odwala chifuwa chachikulu omwe amapatsidwa vitamini B6 kuti mankhwala a isoniazid asawaphe dzanzi m'manja ndi m'mapazi, ndi anthu osadya konse chilichonse chochokera ku nyama, omwe amafunika vitamini B12. Pa magulu onsewa chosowacho chimadziwika, mlingo wake udayesedwa, ndipo pali wachipatala amene akuyang'anira.

Palinso njira ina yomwe michereyi imafikira mtundu wonse popanda munthu kumeza piritsi. Kale m'madera a mapiri chithokomiro chinkaoneka pakhosi pa amayi ambiri, chifukwa dothi la kumeneko lilibe ayodini wokwanira. Choipa koposa chotupacho nchakuti kusowa kwa ayodini kumalepheretsa ubongo wa mwana kukula bwino kuyambira ali m'mimba, ndipo mphunzitsi amadzaona zotsatira zake m'kalasi patapita zaka. Dziko la Switzerland lidayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922, ndipo dziko lathu lidakhazikitsa lamulo la mchere wa ayodini mu 1995. Kuyambira mu 2012 shuga wopangidwa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, monganso mafuta ophikira a m'mafakitale. Zipatso za ntchito zimenezi, pamodzi ndi madontho a kusikelo, zidaoneka. Kafukufuku wa boma wa mu 2001 adapeza kuti ana 59 mwa ana 100 alionse osafika msinkhu wa sukulu ankasowa vitamini A. Mu 2009 chiwerengerocho chidatsika kufika pa 22, ndipo pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 chidali pa 4.

Owerenga athu alingalire bwino tanthauzo la ziwerengero zimenezi pa nyumba zawo. Banja la munthu wapantchito limene limagula shuga, mafuta ophikira ndi majarini, limenenso limadya mazira, chiwindi ndi mapapaya, likulandira kale vitamini A wokwanira. Vitamini C ndi ambiri a gulu la B akachuluka amatuluka ndi mkodzo, ndipo chotayika kawirikawiri ndi ndalama chabe. Koma vitamini A ndi vitamini D thupi limawasunga, ndipo akaunjikana amasanduka poizoni. Vitamini A wochuluka amaononga chiwindi, ndipo kwa mayi wapakati angathe kulumalitsa mwana ali m'mimba. Akatswiri omwe adaunikanso magazi a pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 adalemba mu 2021 kuti ana ena m'dziko muno adaonetsa zizindikiro zokhala ndi vitamini A wopitirira muyeso. Kholo lomwe likugulira mwana wonenepa bwino botolo la mavitamini chifukwa chomukonda lidziwe kuti chikondi chotere chingathe kuvulaza.

Nanga anthu akuluakulu odya bwino amapindulanji? Funsoli lidayesedwa kwa zaka zambiri m'maiko momwe malonda a mapiritsiwa ngaakulu. Ku United States madokotala aamuna oposa 14,000 adagawidwa pawiri, ena nkumamwa piritsi la mavitamini osakaniza tsiku ndi tsiku, ena nkumamwa piritsi lopanda kanthu, kwa zaka zoposa 10. Zotsatira zake, zomwe zidatuluka mu 2012, zidaonetsa kuti matenda a mtima sadachepe konse. Khansa idachepa pang'ono, ndi magawo 8 pa 100, ndipo izi sitikubisa. Koma mu 2024 kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, yemwe adatsatira anthu athanzi oposa 390,000 kwa zaka zoposa 20, adapeza kuti omwa mavitamini osakaniza tsiku ndi tsiku sadakhale ndi moyo wautali kuposa osamwa. Phindu lomwe ogulitsa amalonjeza mokweza chonchi likadakhalapo, likadaonekera poyera pa anthu ochuluka chotere.

Nthawi zina mapiritsiwa adabweretsa zosiyana ndi zomwe ankayembekezera. Ku Finland amuna osuta fodya oposa 29,000 adayesedwa ndi beta-carotene, chinthu chomwe chimapatsa karoti mtundu wake, poganiza kuti chiwateteza ku khansa ya m'mapapo. Mu 1994 zidadziwika kuti omwe ankamwa mapiritsiwo ndiwo adadwala khansayo kwambiri, ndi magawo 18 pa 100 kuposa anzawo. Mu 2011 kafukufuku wina adapeza kuti amuna omwa vitamini E wambiri adadwala khansa ya prostate ndi magawo 17 pa 100 kuposa osamwa. Pafupi ndi kwathu kuno, pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar, kumene malungo adali ochuluka, kafukufuku wopatsa ana onse ayironi ndi folic acid adaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa ana olandira mankhwalawo ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo, monga lipoti la mu 2006 lidafotokozera. Kuchokera apo malangizo ndi akuti m'dera la malungo, ana apatsidwe ayironi pokhapokha pali njira zopewera, zoyezera ndi zochizira malungowo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina angatitsutse ponena kuti maiko omwe tatchulawo ngolemera, pamene kwathu kuno anthu ambiri chakudya chawo nchosakwanira. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sitiwanyoza. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti anthu pafupifupi 60 mwa 100 alionse, ana ndi akulu omwe, ankasowa zinki, ndipo m'zaka zomwezo ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka zisanu adali opinimbira. Akatswiri a zadothi adapezanso kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi seleniyamu wochepa, kusiyana ndi cholimidwa m'chigwa cha Shire. Njala yobisika yotereyi ilipodi. Koma tifunse kuti imagwira yani. Imagwira banja lomwe limadya nsima ndi masamba okhaokha m'mawa ndi madzulo, ndipo banja lotere silingakwanitse botolo la m'sitolo ngakhale kamodzi pachaka. Vuto la mtundu wonse limafuna njira yofikira mtundu wonse. Dziko la Finland litaona kuti dothi lake ndi losowa seleniyamu, mu 1984 lidayamba kumuthira mufeteleza, ndipo chakudya cha aliyense chidasintha. Mbatata yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere ndi Zondeni, chimanga cha mtundu wa lalanje ndi nyemba za ayironi wambiri zimayenda m'njira yomweyo, chifukwa mlimi akalandira mbeu kamodzi amaibzala chaka ndi chaka.

Chomwe munthu wapantchito ayenera kuchita ndi ndalama zomwe akadagulira botolo nkupita nazo kumsika. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Palibe gulu limodzi mwa amenewa lomwe liyenera kuchokera kunja. Usipa ndi matemba, popeza timadya ndi minga ndi mitu yomwe, zimapereka kashiamu, ayironi ndi zinki. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani ndi khwanya zili ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A, ndipo zikatenderedwa ndi nsinjiro mafuta a mtedzawo amathandiza thupi kuzilandira. Malambe ndi magwafa ali ndi vitamini C woposa wa m'malalanje. Ngumbi ndi mphalabungu, zomwe ena akaphunzira amachita nazo manyazi, nzomanga thupi monga nyama. Vitamini D thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Chakudya chilinso ndi zinthu zina zambiri zothandiza m'mimba ndi m'magazi zomwe palibe fakitale idakwanitsa kuziika m'piritsi.

Kaphikidwe nako kali ndi mbali yake. Tikakonola chimanga, nkuchiviika masiku angapo, nkutaya madzi ake, ufa umayeradi bwino, koma mavitamini ambiri amatsalira m'gaga yemwe timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Mgaiwa, womwe ena amauona ngati chakudya cha amphawi, ndiwo umasunga zambiri. Soda kapena chidulo chochuluka m'ndiwo chimapha vitamini C ndi ena a gulu la B, monganso kuphika masamba mpaka kusuluka. Tiyi womwera pachakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba, pamene chipatso chowawasa chodyera pomwepo chimathandiza. Mchere wa ayodini uyenera kusungidwa m'chotengera chotseka, pamalo pouma, chifukwa ukakhala pamtetete ayodiniyo amachepa. Izi nzazing'ono, koma zimachitika m'khitchini tsiku lililonse.

Chiopsezo china chachikulu cha botolo logula nchakuti limachedwetsa munthu kupita kuchipatala. Ambiri amagula mavitamini chifukwa chomva kutopa, chizungulire kapena kuonda. Zizindikiro zimenezi zingachokere ku malungo, njoka za m'mimba, likodzo, shuga, chifuwa chachikulu, HIV kapena khansa. Munthu amene magazi ake akuchepa chifukwa cha likodzo kapena chilonda cha m'mimba angamwe ayironi miyezi yambiri, koma kasupe wa vutolo akadali chitsegukire. Safunsa adadya phula. Kuyezetsa magazi ndiko kumanena ngati chilipo chosowa, ndipo chikapezeka, dokotala amapereka chokhacho pamlingo woyenera ndi kwa nthawi yodziwika. Tichenjezenso mwamphamvu kuti wogulitsa aliyense wouza wodwala kuti asiye ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi chifukwa cha mapiritsi ake, akusewera ndi moyo wa munthu. Ndipo mapiritsi a ayironi asungidwe patali ndi ana, pakuti mwana akameza ambiri nthawi imodzi angathe kufa.

Kwa inu aphunzitsi, udindo wanu pankhaniyi ngwaukulu kuposa wa wina aliyense, chifukwa zomwe mwana wamva m'kalasi madzulo amakazinena kunyumba. Phunziro la magulu a zakudya lisathere pabolodi. Dimba la sukulu likhale ndi bonongwe, mbatata yofiira m'kati ndi mitengo ya mapapaya, ndipo ana aone kuti aphunzitsi awo amadya zomwezo mosanyinyirika. Atsikana otha msinkhu amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo bungwe la WHO limalangiza kuti kumene kuchepa kwa magazi kuli kofala azilandira piritsi limodzi la ayironi ndi folic acid pasabata. Kumene achipatala abweretsa mapiritsi otere pasukulu, pamabuka mphekesera zakuti ngolera kapena ngotseketsa mimba. Mphunzitsi wamkulu aitane makolo ndi mafumu, afotokoze pamodzi ndi alangizi a zaumoyo, ntchito isanayambe. Tipemphenso kuti chipinda cha aphunzitsi chisasanduke msika wa mabotolo, pakuti kholo likaona mphunzitsi akugulitsa limakhulupirira kuti boma lavomereza.

Kwa inu akuluakulu a m'maboma ndi a kulikulu, ntchito ilipo yambiri. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019, ndilo loyang'anira mankhwala, ndipo Malawi Bureau of Standards ndiyo yoona za miyezo ya zakudya. Mabungwewa athandizidwe kuti mchere, shuga ndi mafuta zolowa m'malire athu ziziyezedwa, ndiponso kuti otsatsa malonda onena kuti mapiritsi awo amachiza matenda aziyankha mafunso. Woyang'anira zaumoyo m'boma aonetsetse kuti mapiritsi a ayironi sakutha pachipatala chaching'ono chakumudzi, chifukwa mayi amene wayenda mtunda wautali nkubwezedwa chimanjamanja mwina sadzabweranso. Alangizi a zaulimi afikitse mbeu za mbatata ndi nyemba zija kwa alimi mvula isanagwe. Abambo nawo alimbikitsidwe kuperekeza akazi awo kusikelo, kuti mayi akadandaula za nseru kapena chimbudzi chakuda, zomwe zimachitikadi ndi ayironi, pakhale womulimbikitsa kupitiriza mmalo momuuza kuti ataye.

Motero tikuti kwa mayi woyembekezera, kwa mwana wa kusikelo ndi kwa wodwala amene dokotala wamulembera, mapiritsiwa ngofunika, ndipo amwedwe mokhulupirika mpaka atatha. Kwa ife enafe amene tili ndi malipiro, amenenso tingathe kugula usipa, nyemba ndi zipatso, malo oyambira ndi kumsika ndi kudimba, ndipo thupi likavuta, kuchipatala. Ndalama za botolo limodzi zingagule ndiwo zabwino za banja lonse kwa masiku angapo, ndipo ndiwozo adzadyako ndi ana omwe.